Kapepala ka ku Bordeaux kamene kandichititsa manyazi

Pepani kuti ndinakhala chete kanthawi, mukudziwa nokha kuti kuchonga mayeso sikupereka mpata. Lero ndabwera ndi nkhani ya kapepala kamodzi kamene kandisowetsa tulo masabata angapo apitawa.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mbiri ku Fomu 3 ndi Fomu 4, amene pano akuchita maphunziro ku France, atabwera kutchuthi anandipeza kunyumba n'kundipatsa envelopu. Anati, "Aphunzitsi, munkakonda kutiuza kuti mbiri timaipeza m'zinthu zimene anthu anasiya. Nachi chimodzi." Kapepalako anakagula pamsika wa zinthu zakale mumzinda wa Bordeaux, ndipo anati mtengo wake sunapose wa chakudya chamasana.

Kapepala kake n'kopingasa ngati cheke, koma n'kokulirapo pang'ono. Inki yake inasanduka yofiirira. Kumanzere kuli chithunzi cha chombo ndi nangula, pakona pali chidindo cha boma, ndipo kumbuyo kuli masiginecha anayi otsatizana kuchokera pamwamba kutsika pansi. Ine Chifalansa changa chimathera pa moni, choncho ndinakatengera kwa mayi amene amaphunzitsa Chifalansa pasukulu pathu, ndipo tinakhala nako masana onse. Tinapeza kuti kanalembedwa mu ulamuliro wa Mfumu Louis-Philippe, amene analamulira France kuyambira 1830 mpaka 1848. Afalansa amakatchula kuti lettre de change. Anzathu ophunzitsa zamalonda amakadziwa ndi dzina loti bill of exchange. Ine pano ndingoti kalata ya malipiro.

Mmene kalatayi inkagwirira ntchito si zovuta kumva. Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Bordeaux wagulitsa vinyo wa mafranc 1,000 kwa mwini sitolo wa ku Paris, ndipo agwirizana kuti ndalama idzaperekedwa pakatha miyezi itatu. Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita oposa 500, ndipo njanji yoilumikiza inatha kumangidwa mu 1853, kalata yathuyi italembedwa kale. Wa vinyo uja salikonda kudikira, komanso safuna kuti thumba la siliva liyende mtunda wonsewo pangolo. Ndiye amatenga pepala n'kulemba lamulo kwa wa ku Paris loti pa tsiku lakutilakuti alipire mafranc 1,000 kwa munthu wakutiwakuti, kapena kwa aliyense amene munthuyo angamutchule. Wa ku Paris akaliona pepalalo amalemba mawu oti wavomera n'kusaina. Kuyambira pamenepo ngongole ija yavala thupi, yasanduka chinthu chimene munthu angachigwire m'manja, kuchigulitsa kapena kulipirira nacho ngongole yake.

Wa vinyo akafuna ndalama lero lomwe, ankapita nalo kwa wabanki. Wabanki ankamupatsa ndalama yoperewera pang'ono, tinene kuti mafranc 985, n'kudikira miyezi itatu ija kuti adzalandire 1,000 yathunthu. Mafranc 15 otsalawo ndiye phindu lake. Mukawerengera bwino mupeza kuti ndi 6 pa 100 iliyonse pachaka, ndipo chimenecho ndicho chiwongoladzanja chapamwamba chimene lamulo la ku France la 1807 linkalola pa ngongole zamalonda.

Nzeru imeneyi sanaiyambe ndi Afalansa. Inakula pakati pa amalonda a ku Italy, a m'mizinda monga Genoa, Florence ndi Venice, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, ndipo ambiri a iwo ankabwera kumisika ikuluikulu ya m'chigawo cha Champagne ku France, ku Troyes, Provins, Lagny ndi Bar-sur-Aube. Mavuto amene ankafuna kuthana nawo anali atatu. Loyamba linali achifwamba a m'misewu. Lachiwiri linali loti pafupifupi dera lililonse linali ndi ndalama yakeyake. Lachitatu linali la Mpingo, umene unkaletsa kukongoza ndalama pachiwongoladzanja. Koma kusintha ndalama ya dera lina ndi ya dera lina kunali kololedwa, popeza wosinthayo akanatha kupindula kapena kuluza. Amalonda anaona mpata pamenepo, ndipo chiwongoladzanja ankachibisa m'kati mwa mtengo wosinthira. N'chifukwa chake kwa zaka mazana ambiri kalata ya malipiro inkayenera kulembedwa mumzinda wina n'kukalipidwa mumzinda wina. Ku France lamulo limeneli linachotsedwa mu 1894.

Mzinda wa ku France umene unatchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Lyon. Mu 1463 Mfumu Louis XI inaupatsa chilolezo chochititsa misika ikuluikulu inayi pachaka, ndipo msika uliwonse ukatha pankabwera nthawi ya malipiro. Amalonda ankakumana ndi mabuku awo n'kuyamba kufananitsa ngongole. Ngati ine ndili ndi ngongole kwa inu, inu kwa uje, ndipo ujeyo kwa ine, zonse zinkafafanizidwa ndi cholembera, ndipo ndalama yeniyeni inkatuluka pa zotsala zokha. Nyumba imene ankakumanirako, Loge du Change, ilipobe ku Lyon, ngakhale kuti kuyambira 1803 inasanduka tchalitchi.

Boma linalowererapo mu 1673, pamene Mfumu Louis XIV ndi nduna yake Colbert anatulutsa lamulo lalikulu la zamalonda. Amene anagwira ntchito yaikulu polikonza anali wamalonda wina dzina lake Jacques Savary, amene mu 1675 anatulutsa buku lophunzitsa amalonda lotchedwa Le Parfait Négociant. Mu 1807, mu ulamuliro wa Napoleon, kunabwera Code de commerce, imene inatchula zonse zoyenera kuoneka pakalata: tsiku, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolipira, nthawi ndi malo olipirira, komanso chimene chinaperekedwa posinthana ndi ndalamayo. Titayang'ana pa kapepala kathu tinapeza zonsezi zilipo, chimodzichimodzi.

Koma mbali imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya kumbuyo. Munthu akafuna kupatsira mnzake kalatayi, ankaitembenuza n'kulemba kuti ilipidwe kwa wakutiwakuti, kenako tsiku ndi siginecha yake. Wolandirayo naye akanatha kuchita chimodzimodzi. Malo akatha ankamatirira kapepala kena kuti mayina apitirire. Tsono lamulo linkati aliyense amene wasaina ali ndi udindo pa ndalama yonse. Ngati wa ku Paris walephera kulipira pa tsiku lake, mwini kalata ankaitana mkulu wa zamalamulo kuti alembe chikalata chochitira umboni za kukanako, chimene ankachitcha protêt, ndipo akatero anali ndi ufulu wokagwira aliyense wa anthu amene mayina awo ali papepala. Choncho kalata imene yadutsa m'manja ambiri inali yolimba kuposa yatsopano, chifukwa dzina lililonse linali chikole chowonjezera. Banque de France, imene inakhazikitsidwa mu 1800, inkafuna masiginecha atatu a anthu odalirika isanagule kalata.

Kusaina sikunali masewera. Munthu wosaina kalata ya malipiro, ngakhale asakhale wamalonda, ankaweruzidwa ndi malamulo a amalonda, ndipo akalephera kulipira akanatha kutsekeredwa. Ku Paris kunali ndende ya angongole mumsewu wa Clichy, ndipo chodabwitsa n'chakuti wokongoza ndi amene ankalipira chakudya cha munthu amene wamutsekeretsa. Akatapira a nthawiyo ankadziwa zimenezi, ndipo ankakonda kusainitsa makalata oterewa anyamata a m'mabanja olemera, podziwa kuti makolo sangalole mwana wawo kugona ku Clichy. Kumanga munthu chifukwa cha ngongole yamalonda kunathetsedwa mu 1867. Anthu anayi amene anasaina kumbuyo kwa kapepala kanga anasaina lamuloli likugwirabe ntchito. Pansi penipeni pali mawu awiri, pour acquit, kutanthauza kuti ndalama inalandiridwa. Onse anayi anagona kwawo.

Mwina mungafunse kuti bwanji anthu ankavutika ndi zonsezi m'malo mongogwiritsa ntchito ndalama zamapepala za boma. Yankho n'lakuti Afalansa anapsa kangapo ndi mapepala a boma. Mu 1716 munthu wa ku Scotland dzina lake John Law anatsegula banki ku Paris imene posakhalitsa inakhala ya mfumu, ndipo inasindikiza ndalama zamapepala zochuluka zedi. Mu 1720 zonse zinagwa, anthu n'kutsala ndi mapepala m'manja. Nkhani yachiwiri inachitikira ku Canada, kumene panthawiyo kunali dziko lolamulidwa ndi France. Kumeneko ndalama zachitsulo zinkasowa, moti mu 1685 mkulu wa boma Jacques de Meulles analipira asilikali ndi makadi a juga amene anawasaina. M'zaka zotsatira anthu ankapereka makadi ndi mapepala ena a boma n'kulandira makalata a malipiro okalipidwa ku France. Mu 1759, nkhondo ndi Britain itafika povuta, boma la France linaimitsa kulipira makalatawo, ndipo nkhondo itatha ambiri analandira theka lokha, pamene okhala ndi makadi analandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Kachitatu kanali pa nthawi ya kuukira kwa 1789, pamene boma latsopano linatulutsa mapepala otchedwa assignat. Anawasindikiza mopyola muyeso mpaka anatha mphamvu, ndipo mu 1796 zipangizo zowasindikizira zinawonongedwa pagulu ku Paris. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wamalonda wa ku France anaphunzira kuti lonjezo la mfumu limatha kupita ndi mphepo, popeza mfumu sungaitengere kukhoti, pamene mnzako wamalonda ukudziwa pakhomo pake ndipo lamulo likhoza kumugwira.

Kwa ife aphunzitsi, ubwino wa mapepalawa ndi woti amanena okha zaka zawo ngati udziwa poyang'ana. Ngati ndalama yalembedwa mu livre, sol ndi denier, kalatayo kawirikawiri ndi ya nthawi ya mafumu akale kapena zaka zoyambirira za kuukira, chifukwa franc inakhazikitsidwa mu 1795 n'kulimbitsidwa mu 1803. Livre imodzi inali ma sol 20, ndipo sol imodzi inali ma denier 12, monga mmene agogo athu ankawerengera mapaundi, mashereni ndi makobiri. Ngati tsiku lalembedwa ndi miyezi yachilendo monga brumaire kapena germinal, ndipo chaka chili an VII kapena an X, ndiye kuti ndi kalendala ya boma la kuukira, imene inkawerenga zaka kuyambira pa 22 September 1792 ndipo inasiyidwa kumapeto kwa 1805. Chidindo cha msonkho nachonso chimasintha mawu ndi zithunzi malinga ndi amene akulamulira, kaya mfumu, kaya boma la anthu, kaya mfumu yaikulu. Msonkho wa pepala lodinda unayamba kale, ndipo mu 1675 unali chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a ku Bordeaux komweko ndi a ku Brittany anaukira boma. Masitampa omata a msonkho anayamba kuoneka pa makalatawa mu 1860. Ngakhale pepala lenilenilo limalankhula. Lakale linkapangidwa ndi nsanza, ndipo limakhala lolimba mpaka lero, pamene la mitengo limene linafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 limachita chikasu n'kumathetheka.

Makalata ena amakhala ndi mawu oti iyi ndi yoyamba, kapena yachiwiri, kapena yachitatu. Amenewa ndi amene ankaoloka nyanja. Ankalemba makalata awiri kapena atatu ofanana n'kuwatumiza pa zombo zosiyana, kuti chombo china chikamira kapena kugwidwa ndi adani, ina ifike. Imodzi ikalipidwa, zinazo zinkatha ntchito.

Nkhani ya zombo imeneyi ndi imene ikundifikitsa pa mbali yowawa. Pa kapepala kanga, pamalo onena chimene chinaperekedwa, pangolembedwa mawu amodzi, marchandises, kutanthauza katundu. Lamulo silinkafuna zoposa pamenepo. Mawu omwewo ankaimira vinyo, nsalu, shuga kapena khofi. Ndipo m'zaka za m'ma 1700 madoko a Nantes, Bordeaux, La Rochelle ndi Le Havre analemera ndi malonda a akapolo komanso shuga ndi khofi wolimidwa ndi akapolo. Ku Nantes kokha kunanyamuka maulendo oposa 1,700 a zombo za akapolo, zimene zinatenga anthu a mu Africa pafupifupi 500,000. Eni minda ya nzimbe kawirikawiri ankagula anthu pangongole, ndipo njira imodzi yolipirira inali makalata oterewa, okalipidwa ndi amalonda a ku France amene ankawagulitsira shuga.

Musaganize kuti izi zinali za kumadzulo kwa Africa kokha. Afalansa anali ndi zilumba za Île de France ndi Bourbon, zimene lero ndi Mauritius ndi Réunion, ndipo ankagula anthu ku chilumba cha Mozambique ndi ku Kilwa. Mu 1776 Mfalansa wina dzina lake Morice anapangana ndi mfumu ya ku Kilwa kuti azigula akapolo 1,000 chaka chilichonse. Njira zamalonda zimene zinkafika ku Kilwa ndi ku Mozambique zinkachokera kumtunda, mpaka kuzungulira nyanja yathu ino, ndipo pakati pa anthu amene anatengedwa kupita kuzilumbazo panali Amakua, Ayao ndi Amaravi. France inathetsa ukapolo mu 1794, Napoleon anaubwezeretsa mu 1802, ndipo unathetsedwa komaliza mu 1848. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akamasirira kalembedwe kokongola ndi zithunzi za zombo pa makalata a m'madoko amenewa, azikumbukira kuti pepalalo linapangidwa mwa njira yoti lisanene zambiri.

Masiku ano makalata apepala oterewa anachepa kwambiri. Mayiko ambiri a ku Ulaya anagwirizana malamulo ake ku Geneva mu 1930, France inawalandira mu 1935, ndipo pambuyo pake mabanki anasamutsira ntchito yambiri pa kompyuta. Ngakhale franc yeniyeniyo inachoka m'matumba a anthu mu 2002, pamene euro inalowa. Kapepala kanga kulibe banki imene ingakalandire. Komabe alipo anthu amene amasakasaka mapepala oterewa n'kumawasunga. Ku Paris kuli bungwe la anthu otere lotchedwa Le Vieux Papier, kutanthauza pepala lakale, limene linayamba mu 1900, ndipo ku London Maurice Rickards anayambitsa Ephemera Society mu 1975. Amatolera malisiti, matikiti, timapepala totsatsa malonda, zinthu zimene zinapangidwa kuti zigwire ntchito tsiku limodzi n'kutayidwa. Pa makalata a malipiro amayang'ana zaka zake, kukongola kwa chithunzi, mtundu wa chidindo kapena sitampa, doko limene inachokera, dzina lotchuka pakati pa osaina, komanso ngati chikalata cha kukana kulipira chikadali chomatirira. Wamba a m'zaka za m'ma 1800 ndi otsika mtengo chifukwa analembedwa ambirimbiri.

Monga mphunzitsi wa mbiri, ndili ndi dandaulo limodzi pa malonda amenewa. Pepala limodzi likachotsedwa pa anzake limataya zambiri. Taganizani za wamalonda wa ku Italy Francesco Datini, amene anayambira malonda ake ku Avignon, mzinda umene lero uli m'dziko la France, ndipo anamwalira mu 1410. Mapepala ake anasungidwa pamodzi m'nyumba yake ku Prato, ndipo mu 1870 anapezeka pamalo obisika m'nyumbamo, makalata pafupifupi 150,000 pamodzi ndi mabuku a ndalama. Chifukwa choti zonse zinali pamodzi, akatswiri amatha kutsata ngongole imodzi kuchokera m'kalata kufika m'buku mpaka tsiku lolipira. Kapepala kanga kanachokera mu mtolo wotero, koma mtolowo unamasulidwa n'kugulitsidwa limodzilimodzi. Ngakhale zili choncho, sindingamunyoze wotolera. Pakanapanda munthu woona kuti pepala lotha ntchito lili ndi mtengo, bwenzi litapsa kalekale.

Ndipo apa ndi pamene pali manyazi anga. Bambo anga atamwalira, tinatsegula sutikesi yawo yachitsulo. Munali mtolo womangidwa ndi chingwe: ziphaso za msonkho, timapepala tosonyeza ndalama zimene ankatumiza ali kumigodi ku Joni, malisiti a fodya, ndi makalata angapo. Tinasankha zithunzi ziwiri ndi satifiketi ya ukwati. Zotsalazo zinakhala pakhonde, ena n'kumayatsira mbaula, zina chiswe n'kumaliza. Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa kale mbiri, ndikuimirira kutsogolo kwa ana n'kumawalembetsa manotsi a za ulendo wa kumigodi kuchokera m'buku. Umboni wa ndalama zimene bambo anga ankalandira, mwezi umene ankatumiza, ndi dzina la amene ankakalandira kumudzi, ndinauona ukuyatsa makala. Ku Bordeaux wina anasunga lisiti la ngongole ya munthu wosamudziwa kwa zaka pafupifupi 200, ine ndinalephera kusunga la bambo anga ondibala.

Sabata yatha ndinapita nako kapepalako ku Fomu 3, nditakaika m'kathumba koonekera. Sindinawauze kanthu. Ndinangowafunsa kuti akuona chiyani, ndipo m'mphindi makumi awiri anali atapeza okha mizinda iwiri, kuchuluka kwa ndalama, ndi chiwerengero cha anthu amene anakagwira. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake munthu angalandire pepala kwa mlendo m'malo mwa ndalama, ndipo funso limenelo linatitengera phunziro lonse. Sindikumbuka kuti manotsi anga anayamba abweretsapo funso lotere.

Ndiye pempho langa ndi ili. Aphunzitsi anzanga, tumani ana akafunse kunyumba ngati kuli mapepala akale, makamaka amene amaoneka opanda ntchito: malisiti, makadi a kuchipatala, mabuku a ku positi ofesi, ziphaso. Asawachotse kwa eni ake, angowajambula ndi foni mbali zonse ziwiri, popeza taona kuti nkhani yambiri imakhala kumbuyo. Inu ana anga akale amene muli ndi masutikesi a makolo, musawamate ndi selotepi mapepalawo ndipo musawapsereze m'pulasitiki. Aikeni mu envelopu pamalo ouma, onse pamodzi monga munawapezera, ndipo papepala lina lembani dzina la mwini wake, mudzi ndi zaka zimene mukukumbukira. Ngati mtolo uli waukulu, kumbukirani kuti ku Zomba kuli National Archives.

Kwa mnyamata amene anandibweretsera envelopu, zikomo kwambiri mwana wanga. Amene muli ndi pepala lakale kunyumba, ndiuzeni zimene lalembedwa, tidzaliwerengere limodzi. Tionana.